Galimoto Yokokera Kumanja

Ku Poiana Rece, kumapiri a Bucovina, munthu galimoto yake ikayamba kudya matayala mbali imodzi sankafunsa kopita. Ankangotsetsereka mpaka kumlatho n'kukhotera pa chipata cha matabwa cha a Trifan Moroșan.

A Trifan anali munthu wamfupi, wamapewa otambalala, wosachulutsa mawu. Ntchito anaiphunzira ku galaja ya boma nthawi ija galimoto za dziko lino zinali za mtundu umodzi, zosiyana utoto wokha. Injini analibe nayo chidwi. Ankati injini ndi phokoso chabe, galimoto imayenda ndi miyendo. Choncho moyo wawo wonse anauthera kunsi kwa galimoto chakutsogolo, pa masipuling'i, mashoka, timphira, ndi ndodo zachitsulo zimene zimalumikiza chiwongolero ndi magudumu. Zida zawo sizinali zambiri: dzenje la simenti m'chisakasa, jeke, masipanala, ndi chingwe chimodzi chachitali. Chingwecho ankachikunga pa zitsulo zinayi kuzungulira galimoto, n'kumayeza mpata wa pakati pa chingwe ndi gudumu, kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Mpatawo ukasiyana ankalowa m'dzenje, n'kupotokola ndodo ija pang'ono, n'kutuluka kukayezanso, mpaka magudumu onse awiri atayang'ana kumodzi.

Anali ndi lamulo lawo limene anthu ankaliseka koma kulitsata. Sankawongola galimoto yopanda anthu. Munthu akangofika, asananene n'komwe vuto lake, ankamufunsa kuti, "Mumakwera ndi ndani?" Akayankha, iwo ankati, "Kawatengeni." Ankati galimoto yopanda kanthu imanama. Ikakhala yokha imaima mwina, ikalemedwa imaima mwina, ndipo pamsewu imayenda yolemedwa. Ndiye tinkaona bambo atakhala pa chiwongolero, akazi awo pambali ndi zoluka zawo, apongozi kumbuyo akudandaula za fungo la girizi, a Trifan ali pansi pawo m'dzenje.

Wokwera nayo akakhala kuti ali kutali, ankaitana alamu awo a Gavril, mchimwene wa akazi awo, amene ankaweta njuchi kuseri kwa mpanda. A Gavril anali chimunthu chachikulu, chokonda kuseka, ndipo malipiro awo anali kapu ya kachasu wa mapulamu.

"Alamu!" a Trifan ankafuula. "Tabwerani mudzakhale akazi a aphunzitsi!"

"Kamunthu kowonda kaja? Ine ndikwanira akazi a aphunzitsi awiri ndi mwana wawo yemwe."

"Ndiye mukhale ndi tako limodzi."

"Mundithirirenso kapu ya tako linalo, likhala likudikira panja."

Galimoto ya a Trifan eniake inali yobiriwira, ya mtundu wakale uja. Analembetsa dzina kuti aigule chaka chimene anakwatira Saveta, ndipo inafika mwana wawo Viorica atayamba kale kuyenda. Anzawo onse anagulitsa zawo kwa ogula zitsulo, koma iwo anaisunga mpaka alendo a kutauni anayamba kuima kuti aijambule. Inawongoledwera anthu awiri, a Trifan kumanzere, Saveta kumanja. Ulendo uliwonse Saveta ndiye ankatsegula chipata. A Trifan ankatulutsa galimoto n'kuima pamsewu, iye ankatseka chipata, kudzilemba chizindikiro cha mtanda, n'kulowa. Sipuling'i ya kumanja inkalira pang'ono, n'kunyamuka.

M'kabokosi ka kutsogolo Saveta ankasungamo kandulo yake ya pa Pasaka, yokulunga m'kansalu pamodzi ndi machesi. Kuno munthu samwalira mumdima. Ikafika nthawi, amene ali pafupi amamugwiritsa kandulo yoyaka m'dzanja kuti aone njira ya kumene akupita, ndipo amene wapita wopanda kuwala timamulira kawiri. N'chifukwa chake amayi ochenjera amasunga kandulo m'nyumba, ina m'thumba la chikhoti, ina m'galimoto.

Chaka china mvula inachuluka nthawi yokolola mbatata. Chingwe cha a Trifan chinanyowa n'kuyamba kulendewera, ndipo chingwe cholendewera chimanamiza gudumu. Panali galimoto ya munthu pa dzenje, mwini wake akufulumira. A Trifan anafuna phula loti apake chingwe kuti chisamwe madzi, anakumbukira kandulo ija, anaitenga n'kuipaka pa chingwe kuyambira nsonga mpaka nsonga, mpaka inatha. Mumtima anati agula ina Lamlungu. Lamlungu linadza n'kupita.

Chisanu chili pafupi kutha, mmawa wina Saveta akupatsa nkhuku chakudya anagwira pachifuwa n'kukhala pansi. A Trifan anamunyamulira m'galimoto kuti athamangire kuchipatala. Msewu wa kutauni ndi womwewo wopita ku tchalitchi cha paphiri. Umakwera m'mbali mwa thanthwe, ndipo pamalo ena umakhota, kumanzere kuli phiri, kumanja kuli phompho limene mtsinje wake umangomveka osaoneka. Atafika pamenepo Saveta anati, "Trifan, imani. Kandulo."

Anaima n'kutsegula kabokosi. Munali kansalu ndi machesi. Anayatsa mtengo wa machesi n'kuuika pakati pa zala za mkazi wawo, unapsa n'kuzima. Anayatsa wina, unazimanso. Saveta anatsamira chitseko cha kumanja, ndipo anapita pakati pa mtengo umene unazima ndi umene unali usanayake.

Maliro anayenda bwino. Tirigu wophika anagawidwa, zovala zake zinaperekedwa kwa osauka, wansembe anawerenga mapemphero onse a munthu wopita wopanda kuwala. A Trifan analowetsa galimoto kumapeto kwa chisakasa, anaifunditsa chinsalu, osaikhudzanso. Za anthu ena anapitiriza kuwongola, ndi chingwe chomwe chija.

Patapita zaka zingapo Viorica, amene tsopano anali namwino kutauni, anabwera ndi mnyamata woti amukwatire. Ukwati unali wokamangira ku tchalitchi cha paphiri. Akudya, Viorica anati, "Ababa, ine ndili ndi pempho limodzi lokha. Mudzandiperekeze pa galimoto ya amayi."

"Akwawo kwa mwamunako ali ndi galimoto zatsopano, mwanawe. Iyi ndi nkhalamba."

"Inunso ndinu nkhalamba, koma sindinabwereke bambo wina. Amayi anandiuza ndili wamng'ono kuti ndidzapita kuukwati pa galimoto imeneyi. Mukukana?"

A Trifan anayang'ana mbale yawo kwa kanthawi. Kenako anati, "Sindikukana."

Anachotsa chinsalu chija. Galimoto ikakhalitsa osayenda mphira zimauma n'kung'aluka, choncho anaganiza zokonza kutsogolo konse. Anaika timphira tatsopano, mashoka atsopano, masipuling'i atsopano amene anawapeza kwa mnzawo wa ku Suceava wosunga zitsulo za galimoto zakale. Anakunga chingwe, anakhazika a Gavril pa chiwongolero m'malo mwawo, n'kulowa m'dzenje. Mpando wa kumanja unali wopanda munthu, ndipo anawongola magudumu moyenera munthu mmodzi. Galimoto inaima yolunjika ngati tebulo.

Tsiku loiyesa anatsegula chipata okha, anatulutsa galimoto, anatsika kukatseka, n'kubwerera pa chiwongolero. Ali pafupi kunyamuka, sipuling'i ya kumanja inalira. Sikunali kulira kwakukulu. Kunali kuja kwa munthu akakhala pansi mwaulemu. A Trifan anati mumtima, chitsulo chatsopano chikufuna malo ake, n'kunyamuka.

Galimoto inayamba kukokera kumanja asanadutse n'komwe mlatho. Akamasula manja pang'ono, mphuno yake inkalowera kungalande. Anapitiriza kukwera atagwira chiwongolero zolimba. Galasi la chitseko cha kumanja linachita nthunzi mkati, pamene ena onse anali oyera. Atafika pokhota paja, mbali ya kumanja inatsika kwambiri ngati katundu yense wagwera kuchitseko, ndipo chiwongolero chinawapulumuka m'manja. Anaponda buleki. Atatsika anapeza gudumu la kutsogolo lili pa udzu wa m'mphepete, timiyala tikugubudukira kuphompho. Dzuwa linali pamutu, mbalame zikulira.

Anabwerera pang'onopang'ono n'kuyambanso. Anasinthanitsa matayala. Anayeza mpweya. Anachotsa sipuling'i ya kumanja n'kuika kumanzere, ya kumanzere n'kuika kumanja. M'chisakasa zonse zinkatuluka bwino, zala zawo zinkalowa mofanana pakati pa tayala ndi chitsulo mbali zonse ziwiri. Koma akangotuluka pachipata, sipuling'i inkalira, ndipo akatsika kukayeza ankapeza kumanja kwatsika ndi chala chathunthu.

Ukwati unali kuyandikira. Amayi a m'mudzi anali atayamba kale kukulunga nyama m'masamba a kabichi. A Trifan anaonda, ndipo galimoto za anthu ena ankazibweza.

Masana ena a Gavril anawapeza ataima kunja kwa chipata akuyang'ana galimoto.

"Alamu, mukuiyang'ana ngati ng'ombe yokana kubereka. Yakulakwirani chiyani?"

"Ikukokera kumanja."

"Ya inuyo? A Trifan Moroșan, amene munawongola theka la dziko? Ndikauza anthu kumsika aseka mpaka kugwa."

"Takhalani pampando wa kumanjawo, ndione kuti itsika bwanji."

"Lero ndikhala mkazi wa ndani?" a Gavril anafunsa akuseka, n'kutsegula chitseko. Anakweza mwendo kuti alowe, koma mwendowo unaima m'malere. Anaubweza pansi. Kuseka kunawathera pankhope. Anavula chipewa.

"Lowanitu," anatero a Trifan.

"Sindikhala pamenepa."

"Chifukwa chiyani?"

"Munthu sakhalira mlongo wake pamiyendo."

Pampandopo panalibe chooneka. Panali nsalu yoluka imene Saveta anayalapo kalekale, ndi fungo la masamba onunkhira amene iye ankaika pachifuwa popita kutchalitchi. A Gavril anatseka chitseko mosamala, ngati safuna kupana siketi ya munthu.

Analowa m'chisakasa n'kukhala pa benchi. Patapita nthawi a Gavril anati, "Musamukweze mwana m'galimoto imeneyi. Muuzeni kuti injini yafa. Ndinama nanu, ine kunama sikundivuta."

"Ndinamulonjeza."

"Mumulonjeza chiyani ali pansi pa phompho, atavala zoyera?"

Chingwe chija chinali chokoleka pa msomali pafupi ndi mutu wa a Gavril, ndipo iwo, posowa choti manja awo achite, anachitenga n'kumachipirira pachala. Kenako anachinunkhiza. Anachikanda ndi chikhadabo n'kuyang'ana kanthu kachikasu kamene kanatsala. Munthu woweta njuchi salakwitsa phula la m'ming'oma yake.

"Phula ili ndi langa," anatero. "Kandulo ya pa Pasaka ya Saveta ndinaumba ndine chaka chija."

Anayang'ana alamu awo, ndipo a Trifan anayang'ana pansi. A Gavril sanakalipe. Anapukuta m'maso ndi chipewa, anapuma mpweya wautali, n'kunena kuti, "Ndiye kandulo yake ili pano nthawi yonseyi, ikuzungulira galimoto za anthu. Iye akuidikira pachipata." Kenako anati, "Alamu, ndikufunseni funso lanu lomwe. Mumakwera ndi ndani?"

A Trifan anayang'ana kuchipata.

"Kawatengeni," anatero a Gavril.

Mmawa mwake anaimika galimoto pa dzenje n'kukunga chingwe. A Gavril anakhala pa chiwongolero, atavula chipewa, osapempha kapu. A Trifan anasamba m'manja, anavala jekete lawo la Lamlungu pamwamba pa zovala za girizi, anatsegula chitseko cha kumanja, n'kuyenda mpaka kuchipata. Anachitsegula chonse. Msewu unali zii, nkhungu ikutsika kuchokera kumitengo ya paini.

"Saveta," anatero ndi mawu omwe ankaitanira akazi a anthu obwera ndi galimoto, "bwera udzakhale pamalo pako, tiiwongole."

Anabwerera pang'onopang'ono, ngati akuyenda ndi munthu wosaona bwino. Anaima pafupi ndi chitseko n'kudikira. Nkhuku zinasiya kupalasa. Kenako sipuling'i ya kumanja inalira, ndipo chingwe, chimene palibe anachikhudza, chinanjenjemera pang'ono n'kukhazikika. A Gavril anayang'ana kutsogolo, milomo yawo ikuyenda ndi pemphero.

A Trifan anatseka chitseko n'kulowa m'dzenje. Anayeza. Gudumu la kumanja linali litapenya kunja. Anamasula nati, anapotokola ndodo, anatuluka kukayeza, analowanso, monga ankachitira masiku onse a moyo wawo. Pamwamba pawo panali anthu awiri, ndipo anawongola moyenera anthu awiri.

Atamaliza anamasula chingwe pa zitsulo zija. Kuno munthu akamwalira timayeza ulusi wautali ngati msinkhu wake, timaupaka phula, timaupinda mozungulira ngati nkhata, n'kumauyatsa kuti umuunikire. Wa pamaliro a Saveta unali wogula. A Trifan anaponda nsonga ya chingwe ndi phazi, anachikweza mpaka pakhutu lawo, pamene mutu wa Saveta unkalekeza, n'kudula. A Gavril anachiviika m'phula lotentha kuti chinenepe, n'kuchipinda ndi zala zawo zikuluzikulu. Anachiika m'botolo la galasi lakukamwa kwakukulu, longa limene timatengera moto wa Pasaka kuchokera kutchalitchi kupita nawo kunyumba.

Tsiku la ukwati kunacha ndi nkhungu. Oimba anatsogola pa galimoto za kuchimuna, a Gavril pamodzi nawo. Viorica anatuluka atavala zoyera, ndipo poti alowe kumbuyo anaona botolo lija pampando wa kutsogolo, lomangiriridwa ndi lamba, kamoto kakuyaka mkati.

"Ababa, ichi n'chiyani?"

"Ndi kandulo ya amayi ako."

Viorica anawayang'ana, anayang'ana mpando, n'kusonkhanitsa diresi lake kuti lisafike mbali imeneyo. "Mwachita bwino kuwasiyira malo," anatero motsitsa.

Anatuluka pachipata n'kuima. Mnansi amene anatsala kuyang'anira miphika anatseka chipata. A Trifan sananyamuke.

"Tikudikira ndani, ababa? Anthu apita."

Sipuling'i inalira. Lawi la m'botolo linawerama n'kuimanso. Viorica anadzilemba chizindikiro cha mtanda.

Anadutsa mlatho. Galimoto inayenda pakati penipeni pa njira yake. A Trifan anamasula zala pang'ono, ndipo sinapatuke. Koma mtima wawo sunali pa msewu wowongoka, unali pokhota paja. Akukwera, nkhungu inakula mpaka galimoto za kutsogolo zinasowa, nyimbo zinazimirira, ndipo kumanja kunangotsala mkokomo wa mtsinje wosaoneka. Galasi la chitseko linachita nthunzi. Pokhota panaonekera. Iwo anachepetsa liwiro mpaka ngati la munthu woyenda pansi, anamva mbali ya kumanja ikuyamba kulemera, ikutsamira kuchitseko monga tsiku lija, ndipo chiwongolero chinayamba kuwakoka m'manja.

"Saveta," anatero, osachotsa maso pamsewu, "kandulo yako iyo. Yayaka. Khala tsonga, mwana ali kumbuyo."

Lawi linatalika m'botolo mpaka kuwala kwake kunaoneka padenga la galimoto. Kulemera kuja kunachoka kuchitseko pang'onopang'ono n'kubwerera pakati pa mpando. Chiwongolero chinapepuka. Galimoto inakhota bwinobwino, phompho linatsala m'mbuyo, ndipo kutsogolo mabelu a tchalitchi anayamba kumveka.

Pabwalo la tchalitchi anthu anadabwa kuona bambo wa mkwatibwi akuzungulira kukatsegula chitseko cha kutsogolo choyamba, mwana wawo akudikira kumbuyo. Amene anali pafupi akuti mbali ya kumanja ya galimoto inakwera yokha pang'ono. A Trifan anatenga botolo lija ndi manja awiri, analowa nalo, anatulutsa chingwe choyakacho n'kuchiika pa mchenga pamene anthu amazika makandulo a akufa. Kenako anabwerera kukatenga Viorica. Chingwecho chinayaka mwambo wonse, ndipo chinazima chokha wansembe akuchotsa zisoti zachifumu zimene okwatirana amavekedwa kuno.

Pobwerera Viorica anakwera ndi mwamuna wake. A Trifan anatsika phiri okha, nkhungu itachoka. Galimoto inali kukokera kumanzere, pang'ono chabe koma mosalekeza, monga imachitira galimoto yowongoledwera anthu awiri ikakwera mmodzi. Galasi la kumanja linali loyera. Anaima pambali pa msewu, anatsamira mphumi pa chiwongolero, n'kukhala choncho kwa kanthawi asanapite kuphwando.

Sabata yotsatira anagula chingwe chatsopano, ndipo phula anakapempha kwa a Gavril. Anaimika galimoto yobiriwira pa dzenje n'kufuula kuseri kwa mpanda. A Gavril anabwera akupukuta uchi m'manja, anadzipanikiza pa chiwongolero, n'kusuzumira pawindo.

"Bambo makaniko, musanayambe. Mumakwera ndi ndani?"

A Trifan anayang'ana mpando wa kumanja. Nsalu yoluka ija inali yosalala, yopanda khwinya.

"Ndekha, alamu," anatero, n'kutsikira m'dzenje.